Jakisoni wa matuza a mafinya: mmene ndimadzibayira, ndi zoyenera kuyamba mwachita

Tsiku limene zinandiyamba ndinkaganiza kuti ndi malungo. Thupi linatentha, ndinkanjenjemera ngakhale ndinafunda mabulangete awiri, ndipo pofuna kuvula yunifolomu ya kuntchito ndinapeza kuti yamatirira pamsana. Mwana wanga ataunika ndi foni anangoti, "Amayi, thupi lonse lili timatuza toyera." Tinali ting'onoting'ono ngati njere za mapira, todzaza mafinya, m'khwapa, pansi pa mabere, m'ntchafu, mpaka kuseri kwa mawondo. Pofika m'mawa tinali titalumikizana kukhala zigamba zikuluzikulu, khungu likusenda ngati mbatata yophika.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Manchester ku England, kwathu ndi ku Zomba, ndipo psoriasis wamba, wa mamba uja wa m'zigongono ndi m'mutu, ndakhala naye zaka zambiri. Koma uyu anali wina. Madokotala amamutcha generalised pustular psoriasis, mwachidule GPP, ndipo dokotala wina, Leo von Zumbusch, ndiye anamufotokoza mu 1910. Mafinya akewo alibe tizilombo. Ndi asilikali a m'thupi mwako omwe athamangira kukhungu popanda mdani, n'chifukwa chake sapatsirana ndipo maantibayotiki paokha samuthetsa. Wanga anabuka patangopita masiku ochepa nditamaliza mapiritsi a prednisolone, a m'gulu la ma steroid, amene ndinkamwa chifukwa cha chifuwa. Kusiya ma steroid mwadzidzidzi ndi chimodzi mwa zoyambitsa zodziwika bwino, pamodzi ndi pathupi komanso matenda ena olowa m'thupi. Azimayi anzanga odzola mafuta oyeretsa khungu ogula pamsika aja, dziwani kuti ambiri mwa mafutawo muli steroid wamphamvu.

Choyamba n'chakuti matuza akabuka pamodzi ndi kutentha thupi, jakisoni wa m'nyumba si nkhani ya tsiku limenelo. Pitani kuchipatala usiku womwewo. Khungu likasenda chonchi thupi limataya madzi ndi mchere, impso ndi mtima zimavutika, ndipo munthu amatha kufa. Musadikire kuti khungu lifiire ngati pa zithunzi za pa intaneti. Pa ife akuda limangoderapo, kuwala ndi kutentha ukaligwira, ndipo wina wosazolowera khungu lathu akhoza kuona ngati zazing'ono. Nenani mawu oti psoriasis, ndipo tchulani mankhwala onse amene mwasiya kumwa posachedwa.

Ine anandigoneka, kundiika dripi ya madzi, n'kundiyambitsa makapusozi a ciclosporin kuti moto uzime kaye. Masiku ano kuli mankhwala opangidwira nthenda imeneyi yeniyeni, spesolimab, amene pamsika amatchedwa Spevigo. Amatseka njira ya interleukin-36, kamthenga ka m'thupi kamene kamaitana asilikali aja kukhungu. Ku America anawavomereza mu Seputembala 2022, ndipo amaperekedwa pa dripi, 900 mg kwa mphindi 90, n'kubwerezanso pakatha sabata ngati matuza akadalipo. Pa kafukufuku wa anthu 53, oposa theka la amene analandira mankhwalawa analibenso tuza ndi limodzi lomwe patatha sabata imodzi. Ngati chipatala chanu chili nawo, funsani. Ine dokotala wanga wa khungu anandisankhira secukinumab, dzina la pabokosi Cosentyx, amene amatseka kamthenga kena, interleukin-17A, poti ndinali ndi psoriasis wa mamba uja kale. Ndi amene ndimadzibaya mpaka lero.

Koma asanakupatseni bokosi loyamba pali kuyezetsa, ndipo apa ndi pamene ife ochokera kumudzi tiyenera kutchera khutu kuposa azungu a kuno. Mankhwalawa amachepetsa mphamvu ya mbali ina ya chitetezo cha m'thupi. Ambirife tinakula pakati pa anthu odwala chifuwa chachikulu, ndipo kachilombo ka TB kamatha kugona m'mapapo zaka makumi osakutsokomoletsa n'kamodzi komwe. Ukafooketsa alonda, kakhoza kudzuka. Choncho amajambula pachifuwa ndi kutenga magazi. Pemphani kuyeza kwa magazi kotchedwa IGRA m'malo mwa kobaya pakhungu kuja, chifukwa katemera wa BCG amene anatisiyira kachipsera paphewa amatha kusokoneza zotsatira za pakhungu. Amayezanso HIV ndi matenda a chiwindi, hepatitis B ndi C. Musachite manyazi, ndi ndondomeko ya aliyense.

Zanga zinatuluka kuti TB wogona ndili naye. Ndinalira m'galimoto, osati chifukwa cha TB, koma chifukwa jakisoni amene ndinkamuyembekezera anachedwanso ndi mwezi wathunthu. Anandipatsa mankhwala a TB, isoniazid wa miyezi 6 pamodzi ndi vitamini B6, ndipo mnzake rifampicin anamupewa chifukwa amafooketsa ciclosporin amene ndinkamwa. Lero ndimathokoza kuti sanathamange.

Muuzeninso dokotala ngati munadwalapo zilonda za m'matumbo zotchedwa Crohn's, chifukwa secukinumab amatha kuzikulitsa, komanso ngati muli oyembekezera kapena mukufuna mwana.

Tsopano kubayako. Mlingo wanga ndi 300 mg, zolembera ziwiri za 150 mg chilichonse. Ndati zolembera chifukwa zimaoneka ngati cholembera chonenepa, singano yake siioneka n'komwe. Poyamba ndinkabaya sabata iliyonse kasanu, kenaka kamodzi pamwezi. Ndimachita Lamlungu madzulo ndikachokera kutchalitchi, ndipo tsikulo ndinalilemba pa kalendala wa kukhitchini komanso mu foni.

Ndimatulutsa bokosi mufiriji n'kuliika patebulo kwa mphindi 20 kapena 30. Mankhwala ozizira amaluma kwambiri. Musawatenthetse ndi madzi ofunda kapena kuwaika padzuwa, asiyeni okha, ndipo musawakhutchumule. Ndikasamba m'manja ndimayang'ana tsiku lothera ntchito, kenaka pakawindo ka cholemberacho: madziwo akhale oyera kapena achikasu pang'ono. Kathovu kamodzi si vuto, koma akakhala a mbuu kapena muli tizidutswa, chimenecho sindibaya.

Malo abwino ndi kutsogolo kwa ntchafu kapena pamimba, kutalikirana ndi mchombo masentimita 5, pafupifupi zala zitatu. Sankhani khungu labwinobwino, lopanda mamba, chipsera kapena kutupa. Kwa ine poyamba zinali zovuta, thupi lonse linali mawangamawanga, moti namwino anachita kundifufuzira kamalo pantchafu yakumanzere. Ndimapukuta ndi kathonje ka sipiriti n'kudikira kuti paume, chifukwa ukabaya pali ponyowa pamawawa ngati wathirapo tsabola. Ndimapotokola chivindikiro, kuimika cholembera chilili pakhungu, n'kukanikiza mwamphamvu. Chimalira "thi" koyamba, ndiye kuti chayamba. Chikalira kachiwiri chatsala pang'ono kumaliza. Apa ndi pamene ndinalakwitsa ulendo wachiwiri: ndinazula nditangomva kulira kwachiwiriko, mankhwala n'kuyenderera pamwendo, ine kuwayang'ana ngati ndataya ndiwo za alendo. Dikirani mpaka kachizindikiro kobiriwira kadzaze windo n'kusiya kuyenda. Cholembera chachiwiri ndimabaya mwendo winawo. Sindisisita pamalopo, ndimangogwirizapo kathonje, ndipo zogwiritsa kale ntchito zimapita m'chigubu chachikasu chotayira masingano chimene amakupatsani, osati m'bini ya m'khitchini.

Tsiku lobaya likafika muli ndi malungo, chifuwa chachikulukulu kapena bala lotukusira, imbani kaye foni kwa namwino wa khungu, nthawi zambiri amati dikirani muchire. Chimene chimandivutitsa ine ndi chimfine pafupipafupi, ndipo kamodzi ndinatuluka zoyera m'kamwa ngati za khanda, zimene zinatha ndi mankhwala wamba. Kutuluka thukuta usiku, kuonda, kutsokomola kopitirira milungu iwiri kapena kutsekula m'mimba kwa magazi, zimenezo musazigoneke. Milomo kapena nkhope ikatupa mutangobaya, kapena mpweya ukamabanika, itanani ambulansi.

Akatemera a chimfine ndi COVID-19 ndimalandira bwinobwino. Oletsedwa ndi amene muli kachilombo kamoyo, monga wa yellow fever ndi wa chikuku. Ngati ulendo wanu ukufuna chiphaso cha yellow fever, kambiranani ndi dokotala miyezi isanakwane, akhoza kukulemberani kalata. Ndipo mayi amene ankabaya ali woyembekezera anene asanamubaye mwana BCG, poti kwathu katemerayu amaperekedwa khanda likangobadwa.

Ulendo wa kumudzi ndiwo umafuna mutu. Mankhwalawa amasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8, ndipo akaundana ndiye kuti aonongeka ngakhale asungunuke. Choncho samapita m'sutikesi ya pansi pa ndege, amakhala m'chikwama cha m'manja, m'kathumba koziziritsa, nditawakulunga kansalu kuti asagundane ndi ayisi, kalata ya dokotala ili pambali. Pepala la m'bokosi langa limalola kuti akhale kunja kwa firiji ulendo umodzi wokha, masiku osapitirira 4, kutentha kusapose madigiri 30. Amene anakhalapo ku Liwonde mu Okutobala akudziwa kuti 30 kumeneko ndi m'mamawa. Magetsinso akathima tsiku lonse, firiji ya kwa achemwali imasanduka kabati. Ndinayesa kamodzi, ndipo tchuthi chonse ndinkangoyang'ana babu. Tsopano ndimakonza ulendo kuti ulowe pakati pa majakisoni awiri: ndimabaya Lamlungu, kunyamuka Lachiwiri, n'kubwerako milungu itatu isanathe.

Kumudziko azakhali anandiyang'ana mikono, mawanga akuda amene matuza anasiya atayamba kuzimirira, n'kunena kuti popeza ndachira ndisiye "zobayabaya za azunguzo". Ndinawaonetsa chithunzi chimene mwana wanga anajambula usiku uja. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kundibwezera foni, kenaka anafunsa kuti lotsatira ndi liti.