M'bale akafooka m'maganizo, yambani ndi kumumvetsera

M'bale wanu akasiya kudya, tulo osabwera, nkhope ili yakugwa kwa milungu iwiri kapena kuposa, musathamangire kumuuza kuti "limba mtima". Khalani naye pansi, mumumve kaye.

Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu 2006. Agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala, munthu n'kukhuthula mavuto ake onse, kenako n'kusankha limodzi loyamba nalo, kaya ngongole kaya fizi ya mwana. Njira amaipeza mwiniwake; agogowo amangomuthandiza ndi mafunso. Inunso mungatero.

Ndipo chonde, musaope kumufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsako sikudzala maganizowo mwa iye. Akavomera, musamusiye yekha. Bisani chingwe ndi mankhwala ophera tizilombo, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.