Alimi a nsomba, soya wosaphika ndi chigwada chachiwisi samalani nazo

Anzanga a madamu kuno ku Lilongwe, pali kanthu kena ambiri sitikaganizira tikamasakaniza chakudya cha nsomba. Nsomba nayonso ili ndi chithokomiro, kungoti sichikhala chiwalo chimodzi ngati chathu, ndi timagulu tating'ono tomwazikana kukhosi pafupi ndi mtsempha waukulu wochoka ku mtima. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kotchedwa pituitary, kameneka kamatumiza homoni (mankhwala achilengedwe onyamula uthenga m'thupi) yotchedwa TSH kukauza chithokomiro kuti chipange mahomoni otchedwa T4 ndi T3, ndiye akachuluka m'magazi amabwerera kukauza pituitary kuti basi akwana chepetsa. Popanga mahomoni amenewa pamafunika ayodini.

Vuto ndi ili, chigwada chachiwisi chili ndi poizoni amene m'thupi amasanduka thiocyanate, ameneyu amatsekereza ayodini kulowa m'chithokomiro, mahomoni achepa, pituitary ingokhalira kutumiza TSH osapuma mpaka pakhosi kutupa, nsomba osakula bwino pomwe iwe madeya ukuthira daily. Zimandiwawa kwambiri chifukwa thumba la madeya si lotchipa pano.

Ine chigwada ndimayamba ndachiduladula nkuyanika padzuwa mpaka chiume, osangothyola kumunda nkuponya m'damu. Soya ndimakazinga kaye asanapite kuchigayo, akayamba kununkhira ngati mtedza ndiye kuti wapsa, wosaphika amasokonezanso kugaya chakudya m'mimba. Mukamagula premix (ufa wa mavitamini ndi michere ina wosakaniza m'chakudya cha nsomba) funsani ngati muli ayodini. Ndipo June ndi July madzi akazizira nsomba sizidya kwambiri, chepetsani chakudya musawononge madzi.