Kulemba malamulo oteteza amisiri ogwira ntchito m'mphepete mwa msewu

Awa ndi malamulo a amisiri okonza mawaya a magetsi kapena a intaneti. Musanayambe, khalani ndi mndandanda wa misewu yomwe amagwiramo, malipoti a ngozi zam'mbuyomu, ndi mmisiri wokhalitsa pantchito woti akuthandizeni.

1. Gawani malo: msewu waukulu ngati M1, misewu ya m'tauni, ndi pamisika pomwe pamadzaza akabaza.
2. Lembani zovala zokakamiza: jekete lowala, chipewa cholimba, majombo.
3. Galimoto iziima kunja kwa phula, mahazadi akuyaka.
4. Zikwangwani ndi makoni ziziyambira patali, mbali yomwe magalimoto akuchokera. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amaika koni patsinde pa makwerero, kapena kuseri kwa kona, dalaivala n'kuiona atafika kale. Lembani mamita enieni, otalikirapo pomwe magalimoto amathamanga. "Patali ndithu" si muyezo.
5. Munthu mmodzi aziyang'ana magalimoto basi, osagwirako chingwe.
6. Ngati mutseke mbali ya msewu, dziwitsani apolisi apamsewu ndi khonsolo kapena Roads Authority.
7. Kukagwa mvula yamphamvu, chifunga kapena mdima, ntchito iime.
8. Aliyense awerenge n'kusainira.