Kutsimikizira uthenga wa pa LinkedIn ndi AI musanautumize

Mwafunsa momwe mungagwiritsire ntchito mapulogalamu a AI (nzeru zopangidwa za kompyuta) monga ChatGPT kapena Gemini pofufuza ngati zimene mwalemba kuti mutumize pa LinkedIn, tsamba la pa intaneti la anthu apantchito, zili zoona. Choyamba, ikani uthengawo mu pulogalamuyo, muiuze kuti itchule padera nambala, masiku, mayina ndi mawu onse amene mwati ananena munthu wina. Kenako ifunseni komwe mfundo iliyonse yachokera, koma musafulumire kukhulupirira yankho lake, chifukwa mapulogalamuwa amatha kupeka malipoti omwe kulibeko n'komwe, ndipo amawatchula motsimikiza ngati enieni. Tsegulani lipotilo nokha, muone chaka chimene linatuluka ndi tsamba pomwe pali nambalayo. Ngati mu uthengawo muli chithunzi, chifufuzeni ndi Google Lens, pulogalamu yofufuzira zithunzi pa intaneti. Mfundo imene simunaipeze ichotseni, ndipo zinsinsi za kampani kapena za makasitomala musaziike mu pulogalamuyo.