Mmene mungasiyanitsire kukri yogwira ntchito ndi yongokoloweka pakhoma

Mukamayerekeza ma kukri a amisiri osiyanasiyana, musayambe ndi kunyezimira. Mpeni wokhota uwu, umene asilikali ochokera ku Nepal otchedwa Gurkha amadziwika nawo, umasulidwa ndi amisiri a ku Nepal otchedwa kami, ndipo ambiri chitsulo amachitenga ku masipuling'i a malole akutha, cha mtundu wa 5160 kapena chofanana nacho. Chitsulo n'chimodzimodzi pafupifupi kulikonse. Kusiyana kumayambira pa moto.

Kami akawotcha mpeni mpaka kufiira, amathira madzi a m'ketulo kumbali yakuthwa kokha. Kumeneko kumalimba, msana n'kukhala wofewa kuti mpeni usathyoke ukamenya mtengo. Poyesa, tengani tupa laling'ono mulikhulize pang'onopang'ono. Pamimba, pamene pamadula, tupa lizingotsetsereka ngati pagalasi. Kunsonga ndi pafupi ndi chigumbu likhoza kuluma pang'ono, pamsana lilume bwinobwino. Likaluma pamimba ndiye kuti madzi anaperewera, ndipo mpeni uzipindika mano mukangodula nkhuni youma. Wolimbitsa mopitirira nawonso umabenthuka. Ogulitsa odziwa ntchito amatchula kulimba kwa pakati pa 55 ndi 58 HRC (muyeso wa kulimba kwa chitsulo) pamimbapo. Kampani ya Kailash Blades ya ku Kathmandu imaviika mipeni yake m'mafuta, njira imene imalimbitsa mofanana utali wonse.

Pali chinanso chimene ambiri chimawapusitsa. Mpeni wopukutidwa pamakina mpaka kuoneka ngati kalilole umatenthedwa m'mphepete mopyapyalamo, n'kufewa. Musauweruze tsiku loyamba, unoleni kawiri katatu kaye kuti mufike pachitsulo chenicheni. Koma ngati ndi wa ntchito, ingosankhani wosapukuta kwambiri.

Kenako funsani kulemera, m'magalamu, kwa mpeni weniweniwo osati zolembedwa pa intaneti, chifukwa zosula pamanja sizifanana. Kukri ya asilikali ya Service No.1 imakhala ndi chitsulo cha masentimita pafupifupi 27, ndipo imalemera cha m'ma theka la kilogalamu. Ina yotalika chimodzimodzi ikayandikira kilogalamu, dziwani kuti mkono ulema musanamalize mtolo umodzi. Onaninso msana: ukhale wochindikala kuchigumbu, n'kumapyapyala polowera kunsonga. Msana wofanana kuyambira kuno mpaka uko ndi chizindikiro choti mmisiri anadula chitsulo n'kungonola. Himalayan Imports, imene anayambitsa Bill Martino ku America, imadziwika ndi mipeni yochindikala, yoyenera kuwaza nkhuni. Tora Blades ya ku Britain imatsanzira mipeni yakale yopepuka, monga ya asilikali ya Mk1 ya mu 1903. Khukuri House, imene inayamba mu 1991, ili ndi mitundu yambirimbiri, pamene Windlass Steelcrafts si ya ku Nepal n'komwe, ndi ya ku Dehradun, India. Zonsezi zili ndi malo ake, bola muyerekeze zofanana. Mwachitsanzo, kukri ya mtundu wa Sirupate, yopyapyala ngati tsamba la udzu wa siru, musaiike pasikelo imodzi ndi Bhojpure yamimba yotambalala kapena Ang Khola yokumbidwa kumsana.

Chigumbu chimakhala cha nyanga ya njati kapena cha mtengo wolimba. Mwamwambo, mchira wa chitsulo umalowa mkati mwa chigumbu n'kumatidwa ndi utomoni wotchedwa laha. Wina umatulukira kumapeto n'kukhomedwa pakachitsulo kotsekera, ndipo umenewu ngwodalirika. Mtundu wa panawal uli ndi mchira wotambalala womangidwa ndi misomali. Ngwolimba, koma umalemera ndipo umanjenjemeretsa dzanja. Gwirani mpeni, menyani msana ndi chikhatho. Mukamva kuwayawaya kulikonse, laha sanadzaze. Nyanga imakongola koma imaterera dzanja likachita thukuta, ndipo imang'aluka kumalo ouma. Onaninso kukula kwake, popeza zigumbu zamwambo zimakhala zazifupi kwa munthu wa dzanja lalikulu.

Kamphako ka pafupi ndi chigumbu, cho kapena kaudi, kangokhala kosalala ndi kopanda mng'alu. Za tanthauzo lake anthu amanena zambiri, sizikhudza mtengo.

Chimake ndi thabwa lokutidwa ndi chikopa cha njati. Lowetsani mpeni, zondotsani: usagwe, komanso usachite kulimbana nawo posolola. Posololapo zala zikhale kumsana, chifukwa thabwa likang'ambika mpeni umaboola chikopa. Kuseri kumakhala timipeni tiwiri, karda yodulira zing'onozing'ono ndi chakmak yobuntha yowongolera mano. Chakmak iyesedwenso ndi tupa. Yofewa ilibe ntchito, ndipo apa ndi pamene opanga otchipa amabera.

Ma kukri a mutu wa mkango kuchigumbu, ndi ambiri ogulitsidwa kwa alendo ku Thamel, dera la mumzinda wa Kathmandu, ngokongoletsera basi. Powerengera mtengo phatikizani zotumizira ndi msonkho wa pachipata, ndipo funsani ngati wogulitsa amabweza mpeni ukathyoka pantchito. Ukafika, upakeni mafuta ndipo musausunge m'chimake nyengo ya mvula, chifukwa chikopa chimakoka chinyezi ndipo 5160 sichedwa kuchita dzimbiri.