Mwana akayamba kukomoka, chitani izi

Mwana akauma thupi, maso n'kutembenuka, manja ndi miyendo n'kuyamba kugwedezeka, yang'anani kaye nthawi pa foni. Kuchipatala adzafunsa kuti wakomoka mphindi zingati, ndipo kholo lamantha silikumbuka.

Mugonekeni chammbali pamphasa, kutali ndi mbaula ndi madzi, kuti malovu ndi masanzi zituluke m'malo molowa m'mapapo. Masulani zovala za m'khosi. Musamupanikize. M'kamwa musaikemo kanthu, kaya supuni, chala, phala kapena mankhwala azitsamba. Lilime salimeza ayi, koma supuni imathyola mano, ndipo chomwe mwamumwetsa chimamutsamwa n'kubweretsa chibayo. Kumufukiza utsi kapena kumuthira madzi ozizira sikuletsa kukomoka.

Zikapitirira mphindi 5, kapena akakomokanso asanatsitsimuke, nyamukani pompo, ngakhale pakati pa usiku. Pitani kuchipatala chapafupi, kaya ku Kawale, Area 18 kapena Area 25 ngati muli ku Lilongwe. Vuto likakula amakutumizani ku Kamuzu Central. Angakhale watsitsimuka msanga, akaonedwe tsiku lomwelo, buku lake la kuchipatala lili m'manja.

Kukomoka kobwera ndi kutentha thupi kumagwira ana a miyezi 6 mpaka zaka 5, ndipo kukakhala kwachidule sikuwononga ubongo. Vuto ndi lakuti malungo a mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi amayambanso chimodzimodzi, ndipo kunyumba simungawasiyanitse. N'chifukwa chake amayeza malungo ndi shuga wa m'magazi, poti shuga akatsika mwana amakomokanso. Kuti kukomoka kuleke amapereka diazepam, nthawi zambiri kudzera kumalo ochitira chimbudzi. Akapeza malungo aakulu amabaya artesunate. Akapempha kutenga madzi a pamsana musakane. Singanoyo imalowa m'munsi, pomwe mtsempha waukulu wa msana sufika, ndipo madziwo ndi amene amaonetsa ngati ali matenda oumitsa khosi. Panado amatsitsa kutentha (mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse ya mwana, maola 6 aliwonse), koma sachiza choyambitsa, ndipo mumupatse atatsitsimuka bwinobwino.

Khanda ndiye limanyenga. Mwina lingotafuna pakamwa, kuyang'ana malo amodzi, kupalasa miyendo ngati lili panjinga, kapena kusiya kupuma pang'ono. Gwirani dzanja lomwe likunjenjemera: likasiya, ndi kunjenjemera wamba, likapitiriza m'manja mwanu, ndi kukomoka. Khanda losakwana miyezi 2 likachita zimenezi, likakana bere, kapena chikasu chikafika m'zikhatho, thamangani nalo. Papasani liwombo mwana ali phee, atakhala tsonga. Likatukuka n'kulimba, m'mutu muli vuto. Likalowa m'kati, madzi achepa m'thupi, ndipo zomata paliwombo sizithandiza. Mutu wa khanda pobadwa umazungulira masentimita pafupifupi 35. Ukamakula mothamanga, pemphani anamwino kusikelo auyeze.

Mwana wokomoka kawiri kapena kuposa, masiku osiyana, thupi lisanatenthe, akayezedwe khunyu. Khunyu sapatsirana kudzera m'malovu kapena pokhudzana. Wina akhale akujambula kanema pa foni pamene inu mukumusamala, dokotala adzaone yekha mmene zimachitikira. Akayamba mankhwala monga phenobarbital kapena sodium valproate, azimwa tsiku lililonse nthawi yofanana. Kukatenga ena musadikire kuti athe, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kungabweretse kukomoka kotalika kuposa koyamba.