Kuika pulogalamu pa makompyuta onse a mu ofesi nthawi imodzi

Mwafunsa momwe mungaikire pulogalamu ngati 7-Zip pa makompyuta ambiri osayendera iliyonse. Njira yake ndi Group Policy ya Windows Server, chida chotumizira malamulo ku makompyuta ambiri kuchokera pa seva.

Zofunika musanayambe: makompyuta akhale olumikizidwa pa domain (netiweki ya ofesi yoyang'aniridwa ndi seva), inu mukhale ndi akaunti ya administrator, ndipo fayilo ikhale ya .msi. Ya .exe siigwira panjirayi.

1. Yambani mwayesa pa kompyuta imodzi. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani msiexec /i dzina.msi /qn (m'malo mwa dzina.msi lembani dzina la fayilo yanu).

2. Pa seva pangani foda, ikanimo fayiloyo, kenako fodayo ichiteni share kuti izipezeka pa netiweki.

3. Pa fodayo, patsani gulu la Domain Computers (makompyuta a pa domain) chilolezo cha Read, pa Sharing komanso pa Security. Kupatsa antchito okha sikukwanira, chifukwa imene imakatenga fayilo ndi kompyuta, munthu asanalowe n'komwe.

4. Mu Group Policy Management pangani GPO (mndandanda wa malamulo) yatsopano pa OU (chigawo cha domain) yomwe muli makompyutawo.

5. Tsegulani GPO ija ndi Edit, pitani ku Computer Configuration, Policies, Software Settings, Software installation, New, Package.

6. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Lembani njira ya pa netiweki, monga \\SEVA\Mapulogalamu\dzina.msi. Mukasankha C:\ kompyuta iliyonse idzafufuza pa disiki yake, osapezapo kanthu. Mukalemba njira ya pa netiwekiyo, sankhani Assigned.

7. Pa kompyuta ya wantchito lembani gpupdate /force, kenako chitani Restart. Pulogalamu imalowa kompyuta ikamayaka.

Ikapanda kulowa, kawirikawiri netiweki imakhala itachedwa kulumikizika, makamaka pa Wi-Fi. Mu Group Policy yatsani lamulo la "Always wait for the network at computer startup and logon", ndipo muyesenso.